Mlomo wa bowo pa chojambula cha zitsulo: mavuto obwerabe ndi kalembedwe kowathetsa

Bowo la ⌀10 H7 (dayamita ya 10 mm, ndipo H7 ndi gulu la malire a muyeso wake) likhoza kutuluka pa makina lili ndendende pa muyeso, koma chipangizo chonse n'kubwezedwa chifukwa cha mlomo wake wosakwana n'komwe milimita imodzi. Pini ikukana kulowa, O-ring (mphete ya labala yoletsa kudontha) yang'ambika poiika, mutu wa bawuti wakhala mopendama, womanga wadzicheka chala. Mukalondola vutolo mpaka pomwe linayambira, nthawi zambiri mupeza kuti mmisiri wa pa makina sanalakwe. Chojambula sichinamuuze chilichonse chokhudza mlomowo kupatula mawu aja a pakona akuti BREAK ALL SHARP EDGES, kutanthauza kuti milomo yonse yakuthwa ipalidwe.

Mawu amenewa alibe muyeso. Mmisiri wina amangopalapo kamodzi ndi tupa n'kuchotsa 0.1 mm, mnzake amatenga countersink, chida chokulitsa kamwa la bowo mopendeka, n'kudya milimita yathunthu, ndipo onsewa amvera chojambula. Woyeza katundu naye amasowa pogwira, chifukwa sangakane chinthu chimene sichinapatsidwe malire.

Choyamba dziwani chimene chikudutsa kapena kukhala pa mlomowo

Musanalembe nambala, yang'anani bowo lililonse n'kudzifunsa kuti pa mlomo pake padzadutsa chiyani ndipo padzakhala chiyani. Yankho limagawa milomo pawiri.

Pali mlomo umene ungofunika kuti usakhale ndi burr, timinga tachitsulo tija totsala drill ikatulukira kuseri. Maonekedwe ake alibe kanthu: ukhale wopendeka, wozungulira, kapena wongopalidwa, bola usapyole malire. Mlomo wotere si woulembera chamfer (mlomo wodulidwa mopendeka) ya 0.5 × 45°, chifukwa mukatero mwalamula ngodya ndi muyeso zimene ziyenera kudulidwa ndi chida chake komanso kuyezedwa, pamene mumangofuna kuti munthu asachekeke. Mwakweza mtengo popanda phindu.

Palinso mlomo umene uli ndi ntchito: wolowetsa O-ring, wolandira mutu wa sikuluwu, woyambira mazinga, kapena woyenera kukhala wakuthwa dala. Uwu umafuna muyeso, ngodya ndi tolerance (malire amene muyeso waloledwa kupatuka), ndipo ngati ngodyayo si 45°, umafuna kujambulidwa pooneka mkati mwa bowo.

Mavuto ambiri ali m'munsimu amabwera chifukwa chosakaniza magulu awiriwa.

"Tinalemba kuti achotse burr, koma aliyense akuchotsa mwake"

Mankhwala ake ndi ISO 13715, muyezo wa milomo yopanda maonekedwe olamulidwa, umene unakonzedwanso mu 2017. Chizindikiro chake ndi kangodya konga L kokhala pa mzere wolozera, ndipo mkati mwake mumalemba + kapena − ndi nambala ya mamilimita.

Pa mlomo wakunja, monga pakamwa pa bowo:

- −0.3 akutanthauza kuti burr siloledwa, ndipo chitsulo chochotsedwa chisapitirire 0.3 mm.
- +0.2 akutanthauza kuti burr ikhoza kutsala, koma isatalike kuposa 0.2 mm.
- ±0.05 akutanthauza mlomo wakuthwa, wololedwa kupatuka pang'ono kwambiri mbali iliyonse.
- Manambala awiri, monga −0.2 ndi −0.5, akulamula kuti chichotsedwe chitsulo chosachepera 0.2 ndi chosapitirira 0.5.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa −0.3 yokhayokha. Malire ake ena ndi ziro, choncho mlomo wakuthwa wopanda burr wakwaniritsa lamulo. Ngati cholinga chanu n'chakuti mlomo usacheke dzanja kapena waya, perekani manambala awiri.

Pa ngodya yamkati, monga pansi pa counterbore (bowo lokulitsidwa pakamwa, la pansi pafulati, lobisamo mutu wa bawuti), zizindikirozi zimanena zina. Apa + ndi chitsulo chotsala pangodya chifukwa nsonga ya chida ndi yozungulira, pamene − ndi kangalande kokumbidwa kulowa m'chitsulo. Wojambula akangokopera −0.3 kuchoka pa mlomo wakunja n'kuika pansi pa counterbore, walamula kangalande kamene sankakafuna, ndipo kamafunika chida china. Nsonga za ma insert (timano todulira chitsulo pa makina) ambiri zimakhala ndi radius ya 0.4 kapena 0.8 mm, ndiye ngodya yamkati imene ilibe ntchito yapadera ipatseni +0.8 mmisiri agwire ntchito ndi chida chimene ali nacho kale.

Ikani chizindikiro chimodzi pafupi ndi title block (bokosi la pakona ya chojambula lolembamo dzina ndi malamulo ake) kuti chigwire milomo yonse, mulembenso dzina la muyezowo pambali pake, kenako mabowo apadera muwalembere paokha. Ngati chojambula chanu chikutsatira ASME Y14.5, muyezo wa ku America mmene mulibe chizindikirochi, mawu apakona akhale ndi nambala: REMOVE BURRS, BREAK EDGES 0.1–0.3.

Chamfer yatuluka yaikulu kapena yaing'ono kuposa imene munkaganiza

Yambani mwaona tolerance imene ikugwira ntchito. Ngati title block yanena ISO 2768-m (gulu la m la muyezo wogwira miyeso yopanda tolerance yakeyake), chamfer yoyambira 0.5 mpaka 3 mm ili ndi ±0.2. Ndiye kuti C0.5, kutanthauza chamfer ya 0.5 × 45°, ikhoza kutuluka 0.3 kapena 0.7, zonse zovomerezeka. M'gulu la c imafika ±0.4, moti C0.5 yomweyo imayenda kuchokera pa 0.1 mpaka 0.9. Miyeso yochepera 0.5 mm muyezowu suikhudza n'komwe, choncho C0.3 yopanda tolerance pambali pake ndi nambala yoyandama.

Chachiwiri ndi kalembedwe ka ngodya. Pa chamfer, 45° amayezedwa kuchokera pa nkhope ya chitsulo kapena pa mzere wapakati pa bowo. Pa countersink, ngodya yolembedwa ndi yonse, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Chamfer ya 0.5 × 45° pa bowo la ⌀10 ndi chimodzimodzi countersink ya ⌀11 × 90°. Wina akasakaniza n'kulemba ⌀11 × 45°, mmisiri woiwerenga ngati ngodya yonse adzalowa pafupifupi 1.2 mm m'malo mwa 0.5 mm.

Kalembedwe kachidule ka "muyeso × ngodya" n'koyenera pa 45° pokha, chifukwa pamenepo miyendo iwiri ya chamfer ndi yofanana. Mukalemba 1 × 30°, palibe angadziwe ngati 1 mm ikulowa m'bowo kapena ikutambalala pa nkhope, komanso ngati 30° akuchokera pa nkhope kapena pa khoma la bowo. Kuwerenga kwina kumapereka mwendo wachiwiri wa 0.58 mm, kwina 1.73 mm. Jambulani bowolo modulidwa pakati, muike muyeso ndi ngodya padera.

Pali kanthu kenanso kakang'ono pa zojambula za ASME. X wokhala ndi mpata mbali zonse, monga 2 X 45°, ndi chamfer ya 2 mm. X womatirira ku nambala, monga 2X 45°, akunena kuti malo awiri a madigiri 45. Mpata umodzi ukasowa pa kompyuta, tanthauzo lasintha.

Ngati chimene chikukukhudzani ndi kukula kwa kamwa la bowo, lembani dayamita yake, osati mwendo wa chamfer. Mwendo umawerengedwa kuchokera pa khoma la bowo, ndiye tolerance ya bowo ndi ya miyendo iwiri zimaphatikizana. Dayamita imayezeka mwachindunji. Kumbukiraninso kuti pa 90°, chida chikalowa 0.1 mm mopitirira, dayamita imakula ndi 0.2 mm, ndipo pa 120° imakula ndi pafupifupi 0.35 mm. Musapereke tolerance pa dayamita, ngodya ndi kuya nthawi imodzi: ziwiri zikadziwika, chachitatu chimatuluka chokha.

Bawuti yamangidwa bwino koma ikumasuka, kapena mutu sukukhala pansi

Vutoli lili ndi mbali ziwiri zotsutsana, ndipo ndi pamene pafunika kuwerengera mofatsa.

Pansi pa mutu wa bawuti, pamene mutu ukumana ndi thupi, pali radius yoilimbitsa. Pa sikuluwu ya ISO 4762 ya M8, radius imeneyi ikhoza kutambalala mpaka ⌀9.2. Mabowo odutsa bawuti a ISO 273 pa M8 ndi ⌀8.4, ⌀9 ndi ⌀10. Bowo la ⌀8.4 la mlomo wakuthwa limagunda radius ija mutu usanafike pansi. Womanga amamva sipanala yalimba, torque yakwana, koma mutuwo wakwera pa mlomo. Makina akayamba kunjenjemera, mlomo umaphwanyika pang'ono, mutu umatsika, kukoka kwa bawuti n'kutha. Komanso mlomo wakuthwawo umasiya chipsera pa radius, malo amene bawuti imakonda kuthyokera. Ngakhale bowo la ⌀9 silikupulumutsani kotheratu, popeza bawuti siikhala pakati penipeni. Chamfer yaing'ono ikufunika, ndipo ISO 273 yomwe imalangiza zimenezi.

Koma chamfer ikakula, imadya malo okhalapo mutu. Nkhope yapansi pa mutu wa M8 womwewo ikhoza kuchepa mpaka ⌀12.33. Kuchokera pa ⌀9.2 kufika pa ⌀12.33 pali malo okwana pafupifupi 53 mm². Mmisiri akadula C1 pa bowo la ⌀9, kamwa lafika ⌀11, ndipo malo atsala ndi 24 mm² okha. Bawuti ya M8 ya gulu la kulimba la 8.8 yomangidwa mokwanira imakoka pafupifupi 18 kN. Pa malo oyamba aja ndi 340 N/mm², pa achiwiri ndi pafupifupi 740 N/mm². Pa aluminiyamu kapena chitsulo chofewa mutuwo umamira, ndipo bawuti imamasuka ngakhale palibe anaigwira.

Chotero pa bowo lotere lembani kamwa mwa dayamita yokhala ndi malire onse awiri, mwachitsanzo ⌀9.4 mpaka ⌀9.8 × 90°, mbali ya mutu yokha. Zizindikiro zoti muone pa chipangizo chobwezedwa: kamzere kowala pa radius ya bawuti kakusonyeza kuti chamfer inachepa, mphete yomira pa nkhope ya chitsulo ikusonyeza kuti inakula.

Pa zitsulo zoumba, nkhope imakhala yopendeka ndi yamanyanyanya, ndiye mutu umafuna spotface, malo osalazidwa mozungulira bowo. Dayamita yake iwerengereni pa washala, osati pa mutu. Washala wa ISO 7089 wa M8 ndi ⌀16, choncho salowa mu counterbore ya ⌀15 imene imakwanira mutu wa ⌀13 wopanda washala. Pamenepo pamafunika ⌀18.

Sikuluwu ya mutu wobisika yatumphuka kapena yamira

Yang'anani ngodya kaye. Masikuluwu a metric ali ndi mutu wa 90°, a mainchi ambiri ali ndi 82°, ndipo m'ndege mumapezeka kwambiri 100°. Zida zake zimafanana kwambiri ukaziona m'bokosi. Mutu wa 90° mu countersink ya 82° umagunda m'mphepete mwake pamwamba pokha. Mutu wa 82° mu countersink ya 90° umagunda pansi pafupi ndi thupi. Pakani inki pansi pa mutu, mangani pang'ono, masulani: pamene inki yachoka ndi pamene pakugunda. Ngodya ilembedwe pa chojambula nthawi zonse, ngakhale ikuoneka yodziwikiratu.

Kenako onani mtundu wa sikuluwu, chifukwa si M6 iliyonse ili ndi mutu umodzi. Ya ISO 10642, yomanga ndi Allen key, mutu wake powerengera umafika ⌀13.44, pamene ya ISO 7046 umafika ⌀12.6. Countersink yodulira yachiwiriyi imasiya yoyambayo itatumphuka ndi pafupifupi 0.4 mm. Mndandanda wa zipangizo ukasintha sikuluwu, bowo nalo liunikidwenso.

Pa chitsulo chopyapyala pali ngozi yokulirapo. Kuya kwa countersink ya 90° ndi theka la kusiyana kwa madayamita awiri. Pa M6 ya ISO 10642 ndi bowo la ⌀6.6, kusiyanako ndi 6.84, theka lake 3.42 mm. Chitsulo chikakhala cha 3 mm, chida chapyola, bowo lakula kupitirira ⌀6.6, khoma loongoka latha, ndipo pansi patsala mlomo wakuthwa ngati mpeni. Mutu umakagunda chitsulo chapansi osapanikiza chapamwamba. Mlomo woterewu ndi poyambira ming'alu. Pa 28 April 1988, denga la ndege ya Boeing 737 ya Aloha Airlines linasendeka ili m'mwamba ku Hawaii. Pofufuza, NTSB, nthambi ya boma la America yofufuza ngozi za maulendo, inafotokoza kuti pa malo olumikizana, countersink za ma rivet zinadya makulidwe onse a aluminiyamu wakunja wa pafupifupi 0.9 mm, ndipo guluu wapakati atamasuka, mphamvu yonse yokoka inagwera pa ma rivet, ming'alu n'kuyambira pa milomo yakuthwayo. Lamulo lofala mu ntchito zotere n'lakuti countersink isapitirire magawo awiri mwa atatu a makulidwe. Ngati sizikukwana, sinthani mtundu wa mutu, onjezani makulidwe, kapena chitsulocho chipindidwe kulowa mkati m'malo modulidwa. Pa chojambula lembani utali wochepetsetsa wa khoma loongoka loyenera kutsala.

Mazinga oyamba atukuka, nkhope ziwiri sizikugwirana

Tapu, chida chodulira mazinga m'bowo, ikamalowa imakankhira chitsulo m'mwamba pakamwa pa bowo. Kachitunda kameneka kamalepheretsa chivundikiro kukhala pansi, ndipo gasket imadontha pafupi ndi bawuti. Anthu ambiri amalembapo 0.5 × 45° n'kuganiza kuti athana nazo. Werengani: bowo la M8 × 1.25 limabooledwa ⌀6.8. Chamfer ya 0.5 mbali zonse ifikitsa kamwa pa ⌀7.8, pamene mazinga akufika ⌀8. Chamfer yonse yamezedwa ndi mazinga ndipo kachitunda katulukabe. Pa M10 × 1.5 ndi chimodzimodzi: ⌀8.5 kuonjeza 1 ndi ⌀9.5.

Apa dayamita ndiyo yoyenera kulembedwa, yoposa pang'ono kukula kwa mazinga: ⌀8.4 × 90° pa M8, ⌀10.5 × 90° pa M10. Ena amakonda 120° chifukwa salowa kwambiri, motero amasunga mazinga ambiri. Idulidwe tapu isanalowe. Mukaidula pambuyo, chida chimapinda zinga loyamba kulowa mkati ndipo geji ya GO, imene iyenera kulowa ngati mazinga ali bwino, imakana. Tapu yofinya, yosadula, imatukula chitsulo kwambiri, choncho imafuna kamwa lokulirapo pang'ono.

Osapyoletsanso. Chitsulo cha 5 mm chili ndi mazinga anayi okha a M8. Mukadula C1 mbali zonse ziwiri, mazinga athunthu atsala awiri ndi kachidutswa, ndipo adzakokoloka pomanga.

O-ring ikudukira poiika

Mukapeza O-ring yatsopano ili ndi kachidutswa kometeka kunja kwake, wolakwa ndi mlomo wolowera. Ngodya ya 45° ndi yotsetsereka kwambiri kwa labala: m'malo mofinyika pang'onopang'ono, O-ring imagunda n'kumetedwa. Yoyenera ndi 15° mpaka 20° kuchokera pa khoma la bowo, ndipo ISO 3601-2 ili ndi utali wake malinga ndi kunenepa kwa O-ring.

Mukhoza kudziwerengera nokha. Kamwa liyenera kukula kuposa O-ring itakhala m'ngalande yake isanafinyike. Ngati yatuluka ndi 0.5 mm mbali iliyonse kupitirira khoma la bowo, pa 15° mufunika utali wosachepera 0.5 kugawa ndi 0.268, pafupifupi 1.9 mm. C0.5 ya pa title block siifika n'komwe pafupi.

Chamfer ili ndi ngodya ziwiri, yakunja ndi yamkati pamene ikumana ndi khoma la bowo. Yamkatiyo ndi imene imaiwalika, ndipo ndi imene O-ring imakhulapo ili yofinyika kale. Lozani pamenepo padera, mulamule kuti pakhale pozungulira, popanda burr, ndipo kusalala kwa chamfer kulembedwe monga kwa bowo lenilenilo.

Ngati O-ring iyenera kudutsa pa bowo lam'mbali kuti ifike pamalo pake, kupala burr kokha sikukwanira. Labala wofinyika amatupira m'bowolo, ndipo mlomo wa kutsogolo umamudula. Njira yodalirika n'kukulitsa bowo lalikulu pamalo pamene lam'mbali likutulukira, n'kuika 15° mpaka 20° mbali zonse ziwiri za malo okulitsidwawo, kuti O-ring idutsepo yomasuka.

Pini kapena beyaring'i ikukana

Pa bowo la H7 la pini ya m6 (gulu la malire a muyeso wa pini yolowa mothina), onani dongosolo la ntchito. Chamfer ikadulidwa reamer (chida chomalizitsa bowo pa muyeso weniweni) itadutsa kale, imakankhira kaburr kakang'ono kulowa m'bowo, kosaoneka ndi maso koma kokwanira kutsekereza geji, popeza tolerance yonse ya ⌀10 H7 ndi 0.015 mm. Chamfer iyambe, reamer itsirize. Chojambula sichikakamizidwa kunena dongosolo la ntchito, koma chikhoza kulamula kuti pa ngodya yamkati ya chamfer burr siloledwa, ndipo mmisiri adzadziwa chochita. Werengeraninso utali wogwira pini: chitsulo cha 6 mm chokhala ndi C1 uku ndi uku chatsala ndi 4 mm.

Beyaring'i ikalephera kufika pansi pa nyumba yake, vuto lili pa ngodya yamkati. Ya 6205, ya 25 × 52 × 15 mm, ili ndi mlomo wa radius yosachepera 1 mm, choncho radius ya pansi pa bowo isapitirire 1 mm. Ya 6202 imafuna yosapitirira 0.6 mm, ndiye insert ya 0.8 yalephera kale. Lembani R MAX, kapena lamulani kangalande ka DIN 509 ngati bowolo lidzanoledwa.

Mlomo umene unayenera kukhala wakuthwa wapalidwa

Apa ndi pamene mawu apakona aja amawononga chipangizo chabwino. Orifice plate yoyezera kuyenda kwa madzi kapena mpweya imadalira kuthwa kwa mlomo woyang'ana kumene madzi akuchokera. ISO 5167-2 imati radius yake isapitirire 0.0004 kuchulukitsa ndi dayamita ya bowo, kutanthauza 0.02 mm pa bowo la 50 mm. Kupalapo kamodzi ndi sandpaper kwakwana kuti mita iziwerenga zochepa kuposa zenizeni, ndipo palibe chooneka kunja. Milomo yotsegula ndi kutseka mafuta mu valavu ya hydraulic, komanso mabowo a die yodulira, n'chimodzimodzi. Wopala ma burr amagwira chipangizo pomalizira, ndipo chilichonse chakuthwa amachiona ngati chotsala. Ikani ±0.02 kapena mawu akuti KEEP SHARP, NO BURR pa mlomo weniweniwo, osati m'mawu apakona.

Mbali yolakwika

Bowo lopyola lili ndi milomo iwiri. Muvi wolozera pa bwalo ukunena mbali imene ikuoneka, ndipo ngati wojambula akugwiritsa ntchito first angle pamene shopu inazolowera third angle (njira ziwiri zosiyana zoyalira mbali za chipangizo pa pepala), countersink imakadulidwa kuseri. Onjezani BOTH SIDES, NEAR SIDE kapena FAR SIDE, kapena onetsani bowolo modulidwa.

Pa mabowo obooledwa ndi punch, mbali imene punch yalowera imakhala yozungulira yokha, ndipo burr imatulukira mbali ya die. Ikukula pamene punch ikubuntha kapena mpata wa punch ndi die ukakula. Kupala mabowo mazanamazana n'kodula, ndiye nthawi zambiri n'kwanzeru kulola burr, monga +0.1, koma n'kulamula mbali imene iyang'ane: kutali ndi gasket, waya kapena dzanja. Mu ISO 13715, malo amene mwaika nambala pa chizindikiro ndi amene amasonyeza kumene burr ikuloledwa kuloza.

Bowo lotulukira pa paipi kapena pa nkhope yopendeka silingakhale ndi chamfer yofanana kuzungulira ngati ladulidwa ndi countersink wamba: mbali zina zimadyeka kwambiri, zina pang'ono. Mukalemba 0.5 × 45° pamenepo mwalamula ntchito ya CNC yotsatira mlomo wonse. Ngati sizofunika, lembani −0.1 ndi −0.5.

Penti naye amathawa pa mlomo wakuthwa, dzimbiri n'kuyambira pomwepo. Pa zitsulo zopakidwa zokakhala malo owononga kwambiri, gulu la P3 la ISO 8501-3 limafuna milomo yozungulira ndi radius yosachepera 2 mm. Nenaninso ngati miyeso yanu ndi ya chitsulo chisanakutidwe kapena chitakutidwa.

Wopanga ndi woyeza sakugwirizana

Chamfer ya 0.3 mm siyezeka ndi vernier, ndipo CMM, makina oyezera pokhudza ndi kampira, ikakhala ndi mpira wa 2 mm imavutika kuigwira bwino. Kamwa la bowo limayezeka mosavuta ndi geji ya countersink, yokhala ndi nsonga yolowa m'kamwamo n'kuwerenga dayamita pa wotchi, bola ngodya ya nsongayo ikhale yoyenera ngodya ya bowo. Ichi ndi chifukwa china cholembera dayamita. Kutalika kwa mutu wa sikuluwu kumayezeka poika sikuluwu yeniyeni kapena mpira wa muyeso wodziwika n'kuyeza kuchokera pa nkhope. Ngati chofunika n'chakuti mutu usatumphuke, lembani chomwecho, monga 0 mpaka 0.2 mm pansi pa nkhope. Milomo ing'onoing'ono ndi ya mkati imatengedwa ndi phala la silicone: mumalipanikiza pamenepo, likauma mumalidula pakati n'kuliyeza pa projector.

Malo ovuta kwambiri ndi pamene mabowo awiri akumana mkati mwa chitsulo, monga mu manifold ya hydraulic. Burr imatulukira m'bowo limene linabooledwa poyamba, dzanja silifikako, ndipo ikadzathothoka imakatseka valavu kapena kukala pampu. Mawu apakona safika kumeneko, chifukwa aliyense amawamva ngati okhudza milomo yooneka. Onetsani pokumanapo modulidwa, lozani mlomowo, muupatse malire otakasuka monga −0.5 kuti shopu isankhe njira yake: burashi, chida chopala chobwerera m'mbuyo, kutentha kwa thermal deburring, kapena phala lokhula lokankhidwa m'mabowo. Kenako lembani mmene adzaonere, mwachitsanzo ndi borescope (chida choonera mkati mwa bowo) pa kukulitsa kwakuti, komanso ngati burr yomatirira yosagwedezeka ikuloledwa kapena ayi. Popanda mzere umenewu, mawu akuti BURR FREE amatanthauza zosiyana kwa woyang'ana ndi maso ndi kwa woyang'ana pa galasi lokulitsa ka 10.